Newstead Abbey: chinyumba cha Byron kumene Chuma wathu anapondako

NaBanda (Mansfield): Moni nonse abale a pagulu pano. Ana atsekera sabata yamawa ndipo ndikufuna ndiwatulutseko m'nyumba, mafoni awatha. Popita ku ntchito pa basi ndimadutsa pa geti la Newstead Abbey, pamsewu wa A60 paja pa Ravenshead, koma mkatimo sindinalowemo. Alipo anapitako? Ndi tchalitchi kapena nyumba yachifumu? Nanga ana a zaka 9 ndi 13 angakasangalale, kapena ndi malo a akuluakulu okhaokha?

Bambo a Tadala (Nottingham): Achemwali, pitani nawo anawo, musachite kuganiza kawiri. Ife tinali komweko mwezi wathawu. Poyamba penipeni inali nyumba ya amonke, anaimanga cha m'ma 1170 nthawi ya mfumu Henry II. Henry VIII atatseka nyumba za amonke, malowa anawapereka kwa Sir John Byron mu 1540, ndipo banja la Byron linasandutsa mokhala amonkemo kukhala chinyumba chawo chakumudzi. Tchalitchicho anachigumula n'kutengako miyala, koma khoma lakumaso analisiya. Lilipo mpaka lero, lalitali, ndi chiwindo chachikulu chopanda galasi, moti mukaima kutsogolo kwake mumaona mitambo ikudutsa pomwe panali galasipo. Pamwamba penipeni pali kachiboliboli ka Mariya atanyamula mwana. Panopa ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale, ili m'manja mwa khonsolo ya mzinda wa Nottingham kuyambira 1931.

Azungu ambiri amapitirako mlakatuli uja Lord Byron. Analandira nyumbayi mu 1798 ali ndi zaka 10 zokha, itaphwasuka kale. Chipinda chake chogona chilipo, ndi bedi lake lomwe anabwera nalo kuchokera ku Cambridge. Koma ine chimene ndikuti mupitireko si Byron ayi. M'nyumba imeneyo munadutsa mbiri ya kwathu. David Livingstone anakhalamo miyezi ingapo, kuyambira Seputembala 1864 mpaka Epulo 1865, ndipo buku lake la ulendo wa ku Zambezi, Shire ndi nyanja yathu analembera mmenemo. Ndiye mu 1874, iye atamwalira, kunafika Chuma ndi Susi, amene ankayenda naye m'maulendo ake.

Che Saidi (Leicester): Mwati Chuma? James Chuma yemweyu, Myao?

Bambo a Tadala (Nottingham): Yemweyo Che Saidi. Pali chithunzi chodziwika bwino chomwe anajambula pa Newstead pomwepo mu 1874. Pali Agnes ndi Tom, ana a Livingstone, pali Horace Waller, kenako Susi ndi Chuma, onse atazungulira mapu ndi mabuku a malemuyo. Fufuzani pa intaneti muchiona. Ine ndinachitsegula pa foni tili pabwalo pomwepo, Tadala akuyang'ana chithunzi, kuyang'ana khoma, kufunafuna pomwe anthuwo anaima.

aChisale (Manchester): Pepani ndilowepo. Ine malo otere sindipitako ndipo ndalama yanga sindingaiponye kumeneko. Mwafotokoza za amonke ndi za mlakatuli, koma mwalumpha munthu mmodzi. Byron ngongole zitamufika m'khosi anagulitsa nyumbayi mu 1818 kwa Thomas Wildman pa mtengo wa mapaundi 94,500. Ndalama imeneyo Wildman anaitenga kuti? Ku Jamaica, ku munda wa nzimbe wotchedwa Quebec, komwe kunali akapolo oposa 200. Ndipo sanalekere pa kugula pokha, anathiranso ndalama zankhaninkhani kukonza nyumbayo. Matabwa okongola a m'holo yaikulu amene mukukasirirawo ndi thukuta ndi magazi a anthu akuda. Ukapolo utathetsedwa ndi lamulo la 1833, boma la Britain linatulutsa mapaundi 20 miliyoni a chipukuta misozi. Analandira ndani? Eni akapolo, Wildman ali m'gulu lomwelo. Akapolowo sanalandire ngakhale kakobiri. Ndiye ine nditenge mwana wanga, ndilipire pa geti, kuti akaone mmene shuga anakometsera nyumba ya mzungu?

Bambo a Tadala (Nottingham): aChisale, pa Wildman palibe chomwe ndingakutsutseni, mwanena zoona zokhazokha. Ndipo ndikuthokozani kuti mwaitulutsa nkhaniyi chifukwa NaBanda akuyenera kuidziwa asanapite. Pomwe tikusiyana ndi apa: inu mukuti chifukwa cha zimenezo tisapiteko, ine ndikuti chifukwa cha zomwezo tipiteko. Mwana ukamuuza kuti kunali ukapolo amangogwedeza mutu, zimakhala ngati za m'buku la kusukulu. Koma ukamuimika m'holo muja n'kumuuza kuti denga ili, matabwa awa, analipira ndi anthu odula nzimbe osalandira malipiro, amakhala chete n'kuyamba kufunsa mafunso. Wanga anandifunsa kuti nanga anthuwo mayina awo ali pati. Funso limenelo sakanalifunsa tili pabalaza kunyumba. Komanso ndalama ya pa geti lero sikupita kwa mdzukulu wa Wildman, nyumbayi ndi ya mzinda.

aChisale (Manchester): Ndamva achimwene, koma mtima wanga sunavomere. Kukongola kuli ndi mphamvu yake. Munthu ukaona maluwa ndi madziwe umaiwala msanga zomwe wauzidwa, umangotsala ndi zithunzi zoika pa Facebook.

Che Saidi (Leicester): Mundilole ndibwerere kwa Chuma, chifukwa nkhaniyi yandigwira mtima. Ine kwathu ndi ku Mangochi, ndipo ndakhala ku Leicester zaka zambiri osadziwa kuti mwana wa Chiyao anafika pafupi chonchi kalekale. Kwa amene simukuidziwa mbiri yake: Chuma anali kamnyamata, mwina zaka 11, pamene anamuombola m'manja mwa ogula akapolo mu 1861, nthawi yomwe Livingstone ndi Bishopu Mackenzie ankakwera mapiri a Shire kukatsegula mishoni ya Magomero. Waller amene ali pachithunziyo anali m'gulu la amishoni a ku Magomero komweko, ndiye kuti anamudziwa Chuma ali wamng'ono. Mu 1864 Chuma ndi mnzake Wikatani anawoloka nyanja yamchere ndi Livingstone pa kasitima kaja ka Lady Nyassa mpaka ku Bombay, n'kukalowa sukulu kumeneko. Pobwerera ku Africa mu 1866, Wikatani anatsalira kwa Mponda, kwathu konkuja. Chuma anapitirira, ndipo sanamusiye mzunguyo mpaka imfa.

Tsono taganizani izi abale. Livingstone wamwalirira kwa Chitambo, m'dziko lomwe lero ndi Zambia, pa 1 Meyi 1873. Anthuwa akanatha kumuika pompo, kugawana nsalu ndi mikanda, aliyense n'kulowera kwawo. Palibe akanawafunsa. Koma iwo anachotsa mtima n'kuukwirira pansi pa mtengo, thupi analithira mchere n'kuliyanika padzuwa masabata awiri, analikulunga m'nsalu ndi makungwa, n'kulisenza. Anayenda nalo miyezi isanu ndi inayi mpaka ku Bagamoyo, kugombe la nyanja yamchere m'dziko lomwe lero ndi Tanzania, kufika mu Febuluwale 1874. Mtunda wake ndi woposa kuchoka ku Nsanje kukafika ku Chitipa, wapansi, mtembo uli paphewa, kudutsa m'midzi momwe kulowa ndi maliro a mlendo inali nkhani yaikulu. Ena a m'gululo anafera m'njira. Atafika ku Tabora anakumana ndi mzungu wina, Cameron, amene anawauza kuti angomuika pomwepo. Anakana. Ndipo sanasenze thupi lokha, anasunganso mabuku ndi mapu ake onse osataya.

Chikondi M. (Sheffield): Ndipo m'gulumo munalinso amayi, ankolo. Halima, amene ankamuphikira Livingstone, ndi Ntaoeka. Iwowa satchulidwa n'komwe.

Che Saidi (Leicester): Zoona mwanangu, zikomo pondikumbutsa. Tsono chomwe chimandiwawa ndi ichi. Maliro anachitika ku Westminster Abbey, tchalitchi chachikulu cha ku London, pa 18 Epulo 1874, koma Chuma ndi Susi kunalibeko. Anawasiya kugombe, ntchito yatha, zikomo. Munthu wakuda yekhayo amene ananyamula nawo bokosi anali Jacob Wainwright, uja analemba mawu pa mtengo kwa Chitambo. Awiriwa anachita kuwaitanitsa pambuyo pake James Young, mnzake wa Livingstone wolemera ndi bizinesi ya palafini, ndipo ndalama ya ulendo analipira yekha. Maliro anali atapita kale. Kwathu munthu amene wadwazika matenda, wasambitsa thupi, wasenza mpaka kumudzi, sungamutsekere kunja pa tsiku loika. Ndi mwano waukulu.

Agogo NaJere (Glasgow): Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndinakulira mu mpingo, sukulu ndinaphunzira ya mishoni, ndipo dzina la Livingstone sindingalinyoze. Buku limene analembera ku Newstead lija ndi lomwe linauza anthu a kuno zimene zinkachitika kwathu, magoli m'makosi mwa anthu, midzi yotenthedwa, mitembo ikuyandama mu Shire, madau a ku Nkhotakota akuwolotsa akapolo. Pasanathe zaka zambiri chimwalirireni iye, kunabwera a Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875 ndi a Blantyre mu 1876. Sukulu ndi zipatala zathu zoyamba zinachokera kumeneko. Mkazi wake Mary anamusiya m'manda ku Shupanga mu 1862. Munthu ameneyu anafika ku Newstead ali wamasiye, boma litamuitanitsa kuti ulendo wake walephera, anthu akumunena m'manyuzipepala. Banja la a Webb linamulandira ndi mwana wake Agnes, kumupatsa chipinda m'nsanja ija amati Sussex Tower kuti alembe mwabata. Chimenecho ndi chifundo, tisachichotse. Koma Che Saidi mwanena zoona, Chuma ndi Susi anawalakwira. Zonse ziwiri ndi zoona ndipo ana auzidwe zonse.

NaBanda (Mansfield): Zikomo agogo. Koma a Webb-wo ndi ndani tsono? Ndimayesa mwati nyumba inali ya Wildman?

Bambo a Tadala (Nottingham): Wildman anamwalira mu 1859, nyumba inagulitsidwa kwa William Frederick Webb. Ameneyu anali mlenje wolemera, anapita kummwera kwa Africa kukasaka nyama ali mnyamata, anadwalirako, ndipo Livingstone ndi amene anamuthandiza. Ubwenzi wawo unayambira pamenepo. Pa maliro ku Westminster nayenso ananyamula nawo bokosi.

Chomwe ndikufuna mumvetse ndi chomwe Chuma ndi Susi anabwerera. Sanabwere kudzaona malo. Waller anapatsidwa ntchito yokonza zolemba zomaliza za Livingstone kuti zisindikizidwe, koma zolembazo zinathera pa 27 Epulo 1873, munthu atafooka osathanso kugwira cholembera. Zina anazilemba pa nyuzipepala zakale ndi inki yopanga yekha pepala litamuthera. Ndani akanafotokoza masiku otsiriza, njira yomwe anadzera, mitsinje yomwe anawoloka, ndi ulendo wonse wa mtembo? Ndi awiriwa. Nkhani ija tonse tinaimva ku Sande sukulu, yoti anamupeza atagwada pambali pa bedi, dziko linaimva kudzera mwa anthu amene anali naye, Waller n'kuilemba. Ndiye mukamaona chithunzi chija, musaone antchito awiri ataima pambali pa mabwana. Amene ankadziwa zomwe zili pa mapuwo ndi iwowo.

Chikondi M. (Sheffield): Ine ndiwonjezere china chimene chikundisowetsa mtendere pa chithunzi chomwecho. Kwathu ndi ku Chiradzulu. Agnes amene ali pamenepoyo anakwatiwa mu 1875 ndi Alexander Low Bruce wa ku Edinburgh. Bruce ameneyu ndi amene anagula malo aakulu ku Magomero, ndipo esiteti ya A. L. Bruce inadzayendetsedwa ndi mwana wawo, mdzukulu wa Livingstone. Thangata wa pa esiteti imeneyo agogo athu ankamusimba akulira. Anthu kugwira ntchito miyezi osalandira kanthu, matchalitchi a John Chilembwe kuwotchedwa. Pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe anapita pomwepo n'kupha manijala William Jervis Livingstone. Ndiye onani: malo omwewo kumene Chuma anafikira ataomboledwa ku ukapolo ndi omwe anadzasanduka a thangata, m'manja mwa banja la womuombolayo. Ine ndikayang'ana Agnes ndi Chuma ali pa chithunzi chimodzi, mutu umandizungulira.

aChisale (Manchester): Ndi zimene ndikunenazo. Mwayamba ndi Jamaica, mwathera ku Magomero. Nyumba imodzi.

Agogo NaJere (Glasgow): Chikondi mwana wanga, za thangata sindingakutsutse, abale a amuna anga anachokera ku Mulanje ndipo ankazinena zomwezo. Koma Livingstone anali atagona ku Westminster zaka zambiri pamene zimenezo zinkachitika. Mlandu wa mdzukulu tisausenzetse agogo ake.

Chikondi M. (Sheffield): Ndamva agogo, ndipo sindikuti iye ndi amene anakwapula anthu. Koma dzina lake ndi lomwe linatsegula zitseko, ndipo iye mwini ankalalikira kuti ku mapiri a Shire kubwere azungu adzalime thonje. Anabweradi. Kusiyana kwa zomwe ankalota ndi zomwe zinachitika n'kumene ndikufuna ana athu akumve. Ine ku Newstead ndikufuna ndipiteko, osati kukagwada ayi, koma ndikaime pomwe anaima Chuma. Anamwalira ku Zanzibar mu 1882 ali ndi zaka za m'ma 30 zokha, atatsogoleranso ulendo wa mzungu wina wofufuza malo, Joseph Thomson. Susi anamwalira komweko mu 1891. Kwathu ndi ana angati a sekondale amene angakuuzeni zimenezi? Dzina la Livingstone lili paliponse, Livingstonia, Blantyre, misewu. La Chuma lili kuti?

Che Saidi (Leicester): Funso limenelo lipite kwa ife eni, osati kwa azungu okha. Ku Mangochi sindinamvepo mphunzitsi akutchula kuti Chuma anali Myao mnzathu. Ankangoti "antchito ake okhulupirika", basi, mayina awiri onenera pamodzi ngati munthu mmodzi. Chonsecho Susi anali wamkulu, wochokera kumunsi kwa Zambezi, anayamba ntchito ndi Livingstone ku Shupanga. Anthu awiri osiyana, mitundu yosiyana.

NaBanda (Mansfield): Abale, ine ndinangofunsa kokacheza ndi ana, koma ndaphunzira zambiri kuposa zomwe ndimayembekezera. Wamkuluyu ndamuwerengera uthenga wa Che Saidi ndipo akuti akufuna akaone. Tsono wamng'onoyu za mbiri sizimukhalitsa pansi. Kuli choti angakathamangeko?

Bambo a Tadala (Nottingham): Kuli kokwanira achemwali, bwalo lake ndi maekala pafupifupi 300. Mapikoko amangoyendayenda paliponse, ena amafika pomwe mukudyera, ndiye kamba wanu mumusamale. Pali madziwe akuluakulu a mtsinje wa Leen, ndipo pansi pa dziwe lakumtunda pali kamathithi komwe munthu umatha kulowa kuseri kwa madzi. Ana amakukonda kwambiri kumeneko. M'mbali mwa dziwe lomwelo muli timalinga tonamizira tomwe anamanga Byron wachisanu, amene mlakatuliyo analowa m'malo mwake. Ameneyo ankachititsa nkhondo zamasewera za timaboti padziwepo, antchito ake ndiwo asilikali, kwinaku akudula mitengo yonse ya pamalopo kulipirira ngongole ndipo nyumba ikudontha. Kuli munda wa Chijapani womwe anakonza Ethel, mwana wa a Webb, wa timilatho ndi miyala yopondapo powoloka madzi. Kumeneko mugwire dzanja la wamng'onoyo, miyala imaterera kukagwa mvula.

Mukamuonetsenso manda a galu. Byron anali ndi galu wake Boatswain amene anafa ndi chiwewe mu 1808, ndipo anamumangira chiliza chachikulu cha masitepe ozungulira, ndi ndakatulo yolembedwa pamwala. Mwini wakeyo anafera ku Greece mu 1824 ndipo anamuika m'tchalitchi cha ku Hucknall, pafupi pomwepo, osati pa Newstead.

aChisale (Manchester): Galu ali ndi chiliza ndi ndakatulo. Anthu a ku Quebec aja alibe. Izi ndi zomwe zimandipweteka ine.

Bambo a Tadala (Nottingham): Zimandipwetekanso ine aChisale, ndinaima pa chilizacho ndikuganiza zomwezo. Kungoti chilizacho ndi cha nthawi ya Byron, Wildman asanabwere. Ndipo Byron yemweyo, mawu ake oyamba m'nyumba ya malamulo ya House of Lords mu 1812 anali oikira kumbuyo amisiri oluka a ku Nottinghamshire amene ankaswa makina chifukwa cha njala, pamene boma linkafuna kuti aziwanyonga. M'nyumba imeneyi mwadutsa anthu amitima yosiyanasiyana. Komanso muyenera kudziwa kuti anthu akuda a kuno ku Nottingham, makamaka ochokera ku Caribbean, akhala akulimbikira kwa zaka zingapo kuti nkhani ya Wildman ndi shuga izinenedwa poyera pamalopo. Iwo sanathawe nyumbayo, anapitako kukanena zawo. Nkhani ya Chuma, Susi ndi Magomero ndi yathu ife, ndipo sitingayembekeze kuti a ku Jamaica atinenere.

Che Saidi (Leicester): Ndiye bwanji tipite pamodzi ngati gulu? Ine ndibwera ndi adzukulu anga awiri. Agogo NaJere afotokoze za mishoni, Chikondi afotokoze za Magomero, aChisale afotokoze za Jamaica, ine za Chuma. Ana amve zonse tsiku limodzi, pamalo pomwepo.

aChisale (Manchester): M'nyumbamo sindilowa, ndanena kale. Koma ngati ndi zoti tikhale pabwalo ndi ana n'kuwauza za Wildman, ndibwera. Ndikonza mapu oonetsa pomwe pali Jamaica ndi pomwe pali Bagamoyo kuti aone mitundayo.

Agogo NaJere (Glasgow): Kwa ine ndi kutali ana anga, maondo savomera. Mudzandiimbire pa video mukadzafika, ndidzalankhula nawo anawo. Ndipo amene mudzabwere kuno ku Scotland, nyumba yomwe anabadwira Livingstone ku Blantyre ya kuno anaitsegulanso mu 2021 ataikonza, ndipo Susi ndi Chuma akutchulidwa bwino mmenemo. Mudzagona kwa ine.

Chikondi M. (Sheffield): Ine ndisindikiza chithunzi cha 1874 chija pa pepala lalikulu, mwana aliyense adzakhale ndi chake.

Bambo a Tadala (Nottingham): Zili bwino. Zofunika kudziwa ndi izi. Bwalo limatsegulidwa masiku ambiri, koma m'nyumbamo si tsiku lililonse, kawirikawiri ndi Loweruka ndi Lamlungu, ndiye tiyang'ane kaye pa webusaiti yawo tisanasankhe tsiku. Tiketi ya m'nyumba ndi yapadera. Obwera pa basi yochokera ku Nottingham kupita ku Mansfield, tsikirani pa geti la pa A60, koma dziwani kuti kuchokera pagetipo kukafika kunyumbayo ndi mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka wapansi, ndiye valani nsapato zoyendera. Amene muli ndi okalamba kapena makanda ndiuzeni, galimoto yanga ili ndi malo atatu, ndikhoza kuzungulira kawiri.

NaBanda (Mansfield): Loweruka la sabata yamawa ndili ofu. Ine ndi anyamata awiri tilembeni. Ndibweretsa mandasi ndi tiyi wa mu fulasiki. Che Saidi, pali chomwe adzukulu anu sadya?

Che Saidi (Leicester): Nkhumba yokha achemwali, zina zonse amadya. Ife tibweretsa mpunga ndi nkhuku. Tikumane pa geti 10 koloko.